Ife apanjinga msewu ndi wathunso

Akonzi,

Ine ndimakhala ku Area 25 ndipo tsiku lililonse ndimapalasa njinga kupita kuntchito ku Kanengo, za minibasi ndinasiya, mtengo wake ndi wosayamba. Koma abale madalaivala ena amationa ngati nkhuku, thiraki ikakudutsa pafupi mphepo yake yokha imakukankhira kufumbi, mvula ikagwa ndiye matope okhaokha pa thalauzi mpaka ndimachita kunyamula zovala zina mu jumbo kukasinthira kuntchito.

Dzulo tayala linaphwa, pampu ndinaiwala kunyumba, ndinakankha mpaka kwa okonza njinga pansi pa mtengo wa mango, kumata chubu mphindi 20, kufika abwana nkhope yakuda bii.

Chonde akuluakulu a misewu tisiyireniko kanjira kathu m'mbali mwa tala. Nanunso mabwana ikani pomangirira njinga, mnzanga anamubera sabata yatha, anangopeza loko yodulidwa.

Wopalasa njinga,
Area 25, Lilongwe