Lipoti la msonkhano wa amisiri osema ku Monkey Bay

A wapampando ndi anzanga nonse, munandituma ku Monkey Bay, ndiye nazi zomwe ndabwera nazo.

Nthawi yambiri inathera pa kuzindikira mitengo, ndipo mpake. Phingo wabodza wachuluka: ena akupaka polishi wakuda pa mtengo wamba n'kumagulitsa kwa alendo opita ku Cape Maclear. Bambo wina wachikulire wa ku Chembe anaponya tizidutswa tiwiri m'beseni la madzi. Ka phingo kanamira pomwepo, kanzake n'kuyandama. Koma anachenjeza kuti tsanya nayenso amamira, choncho muzipala kaye ndi tchizulo. Phingo weniweni ndi wakuda mpaka mkati, ndipo chakukhungwa amakhala woyererako. Mlombwa suvuta: wauwisi umatuluka utomoni wofiira ngati magazi, wouma umanunkhira ukamaupala.

Wa zankhalango anatikumbutsa kuti kuyambira 2017 malonda a phingo kunja kwa dziko amayang'aniridwa ndi pangano la mayiko la CITES loteteza zomera ndi nyama zomwe zingathe kutha, komanso kudula mtengo m'nkhalango zotetezedwa za Phirilongwe kapena Namizimu popanda chilolezo ndi mlandu. Panali kung'ung'udza, koma palibe anatsutsa.

Za makina a lathe, ozunguza mtengo pousema, zomwe tinaona n'zoti tingathe kupanga konkuno kwa owotcherera a pa boma. Mnyamata wina wamangira ake pa chitsulo cha bedi lakale, mota ya chigayo chaching'ono, lamba wa galimoto ndi mabeyaring'i otoleza ku garaja. Chogwirira mbale anachidula ku chitsulo chafulati n'kuboola mabowo anayi a masikuluwu. Chinagwira mbale ya mtengo wa mango osagwedera n'komwe. Matchizulo ake ndi a masipuling'i a galimoto. Amene timanola tupa kuti ikhale tchizulo tileke, chifukwa ndi youma kwambiri, ikakodwa pa mfundo imathyoka n'kuthamangira kumaso.

Nkhani ya mitengo yogulitsira zinthu inangothera m'mikangano, sindikutayitsani nayo nthawi.

Maganizo anga ndi akuti ife amene timachita izi madzulo tikaweruka, phingo timusiye. Mango wakugwa ndi malaina zili mbwee kuno, ndipo mango ukauma bwino pamthunzi, mutamata phula kumapeto kwa chipika kuti chisang'ambike, umatulutsa mizere yokongola.

Loweruka aliyense abweretse kachidutswa ka mtengo umene sakuudziwa. Tidzakambiranenso zosonkha ndalama ya magalasi oteteza maso.