Kalata yotseguka kwa Nduna yoona za ukadaulo wa makono: mawebusaiti a boma apangidwe poganizira foni ya munthu wamba

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemba kalatayi kuchokera ku Mufakose, mu Harare. Ntchito yanga ndi yopanga mawebusaiti, ndipo ndine mmodzi mwa adzukulu a anthu amene anachoka ku Nyasaland, ena pa malole a Ulere onyamula ofuna ntchito kwaulere, ena kudzera kwa Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi ndi m'mafakitale a dziko lino. Ndalemba m'Chichewa mwadala, poti gawo 6 la malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 limachiika pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Wakutsina khutu ndi mnansi, choncho mundimve ngati nzika imene ikufunira zabwino ntchito imene mukutsogolera.

Pempho langa ndi limodzi. Unduna wanu ukhazikitse muyezo umene webusaiti iliyonse ya boma, ya khonsolo kapena ya bungwe la boma iyenera kukwaniritsa isanatsegulidwe kwa anthu, ndipo muyezowo uzilembedwa m'kontirakiti, kuti kampani imene sinaukwaniritse isalipidwe ndalama zomaliza.

Ntchito za boma zikusamukira pa intaneti mofulumira, ndipo ine ndikukondwera nazo. Ana amaona zotsatira za mayeso a ZIMSEC pa foni. Makolo amafunsira malo a Fomu 1 kusukulu zogonera komweko kudzera pa eMAP. Makhoti anayamba kulandira zikalata pa IECMS mu 2022, ndipo ZIMRA, bungwe lotolera misonkho, inabweretsa TaRMS, njira yoyendetsera za misonkho pa intaneti, mu 2023. Zonsezi zimachepetsa mizere, ndalama za kombi ndi mpata wa ziphuphu. Koma ntchito ikachoka pawindo la ofesi n'kupita pa tsamba la intaneti, amene amasankha woti athandizidwe sakhalanso kalaliki. Amakhala wopanga tsamba, munthu ngati ine, amene mwina sanaonepo nkhope ya mayi wa ku Epworth amene akudina mabatani ake. Tsamba lopangidwa mosaganizira lili ngati chipatala chimene achimanga ndi masitepe okhaokha: palibe wathamangitsidwa, koma wa panjinga ya olumala abwerera pakhomo.

Ndiyambe ndi kulemera kwa tsamba, chifukwa apa ndi pamene ndalama ya munthu wosauka imathera iye osadziwa. Kafukufuku wa HTTP Archive, amene amayeza masamba mamiliyoni ambiri a dziko lonse, amaonetsa kuti tsamba wamba masiku ano limaposa 2 MB likamatsegulidwa pa foni. Zambiri mwa zimenezi si mawu amene munthu wabwerera. Ndi zithunzi zikuluzikulu, makanema odziyambitsa okha, zilembo zokongoletsa zochita kukoka kwina, ndi mapulogalamu a JavaScript amene foni iyenera kuyamba yawatafuna isanaonetse kalikonse. Ku Ulaya ndi ku America, kumene masitayelo amenewa amachokera, anthu ambiri sawerengera data. Kuno anthu ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha, ndipo akafuna kutsegula webusaiti amachita kugula ina ya tsiku limodzi. Ndakhala ndikuthandiza achikulire a kutchalitchi kwathu kudzaza mafomu tikaweruka Lamlungu, ndipo ndimaona momwe zimakhalira. Tsamba limayamba ndi chithunzi cha nyumba ya ofesi, kenako chithunzi cha akuluakulu akudula riboni, kenako uthenga wa wapampando, kachizindikiro kakungozungulira, bandulo n'kutha fomu isanaoneke. Agogo aja amabwerera kunyumba akuganiza kuti vuto ndi iwowo, kuti zamakonozi zinawapitirira. Zimandiwawa chifukwa ndimadziwa kuti fomu yomweyo ikhoza kupangidwa yopepuka kwambiri, ndi HTML wamba, chilankhulo cholembera masamba a intaneti, ndi zilembo zimene zili kale m'foni, popanda kutaya chilichonse chofunika.

Anthu a ntchito yathu anazindikira izi kalekale. Mu 2009 Luke Wroblewski anayamba kulimbikitsa kuti tiziyamba kupangira foni, kompyuta izibwera pambuyo, ndipo mu 2010 Ethan Marcotte anafotokoza njira yopangira tsamba limodzi lotha kudzikonza lokha molingana ndi kukula kwa sikirini. Zaka zoposa khumi zadutsa, koma mpaka lero timakumanabe ndi chidziwitso chofunika chimene anangochijambula papepala n'kuchiika ngati PDF, moti munthu amachita kukoka ndi zala uku ndi uku kuti awerenge mzere umodzi. Pa chikalata chotere, pulogalamu yowerengera anthu osaona imangoona chithunzi chopanda mawu.

Mu muyezo umene ndikupemphawu mulembedwe malire a kulemera kwa tsamba, ndipo kuyesa kuzichitika pa foni yotchipa ya Android, pa netiweki ya m'malokeshoni nthawi yamadzulo, osati pa laputopu ya muofesi yokhala ndi intaneti ya chingwe. Ndikudziwa kuti Starlink, intaneti ya pa setilaiti, inayamba kugwira ntchito muno mu September 2024 ndipo ena akuti vuto la liwiro latha. Latha kwa amene angathe kugula kachipangizo kake ndi kulipira mwezi ndi mwezi. Wogulitsa tomato pa Mbare Musika akadali pa bandulo.

Fomu yeniyeniyo ndiye pamene pali nkhani yaikulu kwa ife, ana a obwera. Gawo 43 la malamulo aakulu linatsimikiza kuti munthu wobadwira muno malamulowo asanayambe kugwira ntchito, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC, ndipo amakhala muno, ndi nzika mwa kubadwa. Ambiri amene zitupa zawo zinalembedwa kuti “Alien”, kutanthauza mlendo, anapuma mpweya wabwino mu 2013. Koma wopanga fomu amene sadziwa mbiriyi amaika bokosi lofunsa mudzi wa makolo, mfumu ndi boma lochokera, n'kuika mndandanda wa maboma a Zimbabwe okhaokha, n'kukhazikitsa kuti popanda kusankhapo supita patsogolo. Munthu amene bambo ake anachokera ku Dedza, ku Ntcheu, ku Tete kapena ku Chipata asankhe chiyani? Ena amangosankha boma lililonse kuti adutse, kutanthauza kuti boma lasunga bodza limene lidzawavutitse okha m'tsogolo. Ena amasiya. Palinso agogo amene amadziwa chaka chobadwa chokha, ndi ena amene dzina lawo linalembedwa mosiyana pa chitupa ndi pa kalata ya ntchito chifukwa kapitawo wa pafamu analemba momwe anamvera. Kalaliki wa pawindo ankatha kumvetsera ndi kupeza njira. Bokosi la pa sikirini silimva, pokhapokha wolipanga ataganizira anthu amenewa pasadakhale.

Onjezanipo zazing'ono zimene zimafooketsa: fomu yaitali imene imafufutika yonse magetsi akathima kapena netiweki ikaduka, uthenga wofiira wonena kuti pali cholakwika osatchula bokosi lake, nambala ya chitupa yokanidwa chifukwa cha kamzere kamodzi. M'dziko limene kuthima kwa magetsi ndi gawo la moyo, fomu iyenera kusunga zimene munthu walemba pa sitepe iliyonse, kufunsa funso limodzi pa nthawi imodzi, ndi kutumiza SMS yotsimikiza kuti pempho lafika. Zonsezi n'zotheka lero, ndipo sizidula.

Za anthu olumala sitifunika kuyamba kuganiza patokha. Bungwe la W3C, limene Tim Berners-Lee anayambitsa mu 1994, lili ndi malangizo otchedwa WCAG, a kapangidwe ka masamba oti anthu olumala azitha kuwagwiritsa ntchito. Mtundu wa 2.0 unatuluka mu 2008, wa 2.1 mu 2018, ndipo wa 2.2 mu October 2023. Amanena zinthu zoyezeka: kusiyana kwa mtundu wa zilembo ndi kumbuyo kwake kukhale 4.5 kwa 1 pa zilembo wamba, chithunzi chilichonse chofunika chikhale ndi mawu ochifotokoza, tsamba liziyendeka ndi kiyibodi yokha, makanema akhale ndi mawu olembedwa. Mapulogalamu owerenga sikirini alipo aulere, TalkBack pa Android ndi NVDA pa kompyuta, koma amathandiza pokhapokha tsamba litamangidwa bwino. Zimbabwe inalowa m'pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala mu 2013, ndipo gawo 9 la panganolo limatchula intaneti mwachindunji. Masitayelo amakono a zilembo zotuwa zopyapyala pa sikirini yoyera amaoneka okoma pa chionetsero, koma bambo wa zaka 70 amene akuwerenga padzuwa pa foni yosweka galasi saona kanthu.

Nkhani ya chilankhulo ndimaimva mumtima, koma ndiinena mosakokomeza. Sindikupempha kuti mawa tsamba lililonse likhale m'zilankhulo 16. Ndikupempha kuti webusaiti iliyonse yatsopano imangidwe mwanjira yoti mawu ake akhale padera, osasakanikirana ndi mapulogalamu, kuti kuonjezera Chishona, Chindebele, Chitonga, Chichewa kapena china chilichonse kukhale ntchito ya womasulira, osati kugwetsa ndi kumanganso. Kuchita zimenezi poyamba n'kotchipa, kuchita pambuyo ndiye kumadula. Kenako yambani ndi masamba amene amakhudza moyo: kalata ya kubadwa, chitupa, penshoni, malo kusukulu, chenjezo la kolera. Wailesi ya National FM yakhala ikuulutsa m'zilankhulo zathu kwa zaka zambiri, kusonyeza kuti omasulira alipo.

Wina akuuzani kuti makina azimasulira okha. Google Translate inaika Chichewa mu 2014 ndi Chishona mu 2016, ndipo mapulogalamu a AI akupita patsogolo chaka ndi chaka. Ine ndimawagwiritsa ntchito, amathandiza kuyamba. Koma pa nkhani ya lamulo, ya mankhwala kapena ya ndalama, chiganizo chimodzi chopotoka chimatayitsa munthu ufulu wake, ndipo makina amalakwitsa molimba mtima. Mawu a boma aziwerengedwa ndi munthu wolankhula chilankhulocho asanatuluke. Ngakhale Chingerezi chenichenicho chifupikitsidwe, chifukwa chiganizo cha maloya chovuta m'Chingerezi chimakhala chovutabe chikamasuliridwa.

Mayiko ena anayenda kale njirayi. Britain inatsegula GOV.UK mu 2012 n'kusonkhanitsa mawebusaiti ambirimbiri a boma pamalo amodzi, ndipo inapanga mabatani, mafomu ndi kalembedwe kofanana koti dipatimenti iliyonse izitengapo. Tsamba lawo ndi la zilembo zakuda pa sikirini yoyera, lopanda zokongoletsa, koma mu 2013 linapambana mphoto ya Design Museum ya ku London. Estonia, ndi njira yake ya X-Road yolumikizira makompyuta a maofesi a boma, yoyambira mu 2001, imatsata mfundo yoti boma lisafunse nzika chinthu chimene lili nacho kale. Kenya ili ndi eCitizen, Rwanda ili ndi Irembo, mawebusaiti opezerapo ntchito za boma pamalo amodzi. Sikuti titengere zonse, koma phunziro la GOV.UK ndi lotipindulira: zida zikapangidwa kamodzi n'kuyesedwa bwino, khonsolo ya Chitungwiza kapena ya Norton sifunikanso kulipira kampani kuti iyambe pachiyambi, ndipo munthu amene waphunzira fomu imodzi waphunzira onse.

Ndipo phunziro lalikulu lili kwathu konkuno. EcoCash, njira yotumizira ndalama pa foni, inayamba mu 2011 ndipo inafalikira chifukwa *151# imagwira ntchito ngakhale pa kambudzi, kafoni ka mabatani, popanda data. Agogo amene amaopa webusaiti amatumiza ndalama za maliro ndi za sosayite ndi manambala amenewa mosavuta. Ntchito za boma zosavuta, monga kufunsa ngati pasipoti yatuluka kapena kusungitsa tsiku lokaonekera kuofesi, zikhale ndi njira ya USSD, yoimba manambala ngati *151#, kapena ya SMS pambali pa webusaiti. Ndikupemphanso kuti mukambirane ndi POTRAZ, bungwe loyang'anira za mafoni ndi mapositi, ndi makampani a mafoni kuti masamba a boma ofunika kwambiri azitsegulidwa osadya bandulo. Masamba akakhala opepuka, pempho limeneli silikhala lolemera kwa makampaniwo.

Pali chifukwa chinanso chimene sichitchulidwa kawirikawiri. Munthu akalephera kudzaza fomu yekha, amapita kwa mnyamata wa pakona amene ali ndi laputopu, n'kumupatsa chitupa, nambala ya foni ndi mawu achinsinsi, n'kulipiranso. Ambiri mwa anyamatawa ndi okhulupirika, koma zithunzi za zitupa za anthu zimatsala m'makompyuta awo. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2021, limene linapatsa POTRAZ udindo woyang'anira nkhaniyi, silingateteze munthu amene tsamba lovuta lamukakamiza kupereka zinsinsi zake kwa mlendo.

Anthu oti agwire ntchitoyi alipo. Harare Institute of Technology, University of Zimbabwe ndi NUST zimatulutsa achinyamata aluso chaka chilichonse, ndipo ambiri akupangira makampani a ku Johannesburg ndi London ali m'zipinda zawo ku Budiriro ndi ku Glen View. Sonkhanitsani kagulu kochepa ka anthu otere mu unduna wanu, kakhale ndi olemba mawu osavuta, omasulira ndi anthu olumala, ndipo muwapatse mphamvu yokana tsamba limene silinafike pa muyezo. Zida zimene apange ziikidwe poyera kuti aliyense azione ndi kuzikonza.

Koposa zonse, lamulo likhale lakuti webusaiti isanatsegulidwe, opanga ake aitengere ku holo ya Stodart ku Mbare, ku Mabvuku, ku Dzivarasekwa, ku Epworth ndi ku mafamu ozungulira Norton, aipereke kwa anthu pa mafoni awo omwe, akhale chete ndi kuona pamene munthu akukakamira, kenako akakonze ndi kubwereranso. Mipingo yathu, masosayite a maliro ndi magulu a amayi akhoza kusonkhanitsa anthu oyesera ngati ofesi yanu itatiitana, ndipo ine ndi anzanga a ntchitoyi tili okonzeka kuthandiza kulemba muyezowo ndi kumasulira masamba oyambirira m'Chichewa.

Ine wanu mwaulemu,
Wopanga mawebusaiti,
Mufakose, Harare