Kwa inu a kiliniki ya uphungu muno mu Mzuzu: mtengo muzinena munthu asanakhale pampando

Dzina lanu sinditchula, mukudzidziwa nokha.

Mwezi watha ndinabwera kwanuko ndi mng'ono wanga. Chiikireni maliro a mayi athu ku Ekwendeni, mwanayu sagona, nsima amangoitsina, tsiku lonse duu kuyang'ana khoma. Pakauntala ndinafunsa kawiri konse kuti zonse zikwana zingati. Mayi anali pamenepo anati, "Musadandaule achimwene, ndi K20,000 basi." Osadziwa kuti imeneyo ndi yongotsegulira fayilo.

Ataonana ndi mlangizi katatu, mpamene munatulutsa pepala la K135,000. Dokotala yake, mlangizi yake, kenako mzere wina wa Chingerezi umene ngakhale wolandira ndalama uja analephera kundimasulira. Ine ndimagulitsa kaunjika mumsika. Mukanandiuza poyambirira ndikanathamangira ku banki mkhonde, kapena ndikanangopita naye ku St John of God, komwe aliyense muno amadziwa kuti amathandiza matenda a maganizo. Ngakhale wakabaza amayamba wanena mtengo usanakwere.

Koma chandiwawa kwenikweni si ndalama. Pakhadi lanu munalemba kuti zikavuta tiziimba nthawi ina iliyonse. Lachisanu lina cha m'ma 11 usiku mng'ono wangayo anayamba kunena kuti watopa nawo moyo, n'kundipatsa foni yake kuti ndidzapatse mlongo wathu. Ndinaimba kasanu ndi kamodzi, ikungoitana. Ndinabisa mankhwala onse ndi chingwe choyanikira zovala, n'kukhala tsonga pakhomo la chipinda chake, chisanu cha Mzuzu chikulowa m'mafupa. Kutacha tinanyamuka ku Chibavi wa ku Luwinga, ku chipatala cha Mzuzu Central, ndipo anatilandira.

Lolemba munaimba ndithu. Ndinkati mufunsa kuti wodwala wadzuka bwanji, koma ayi, mumakumbutsa za ngongole.

Ngongoleyo ndilipira, sindine wothawa. Chomwe ndikufuna ndi pepala lofotokoza mzere uliwonse m'Chichewa kapena m'Chitumbuka. Mitengo muimate pakhoma, ndipo munthu asanayambe muzimulembera kuti adzabwera kangati, pa ndalama zingati. Nambala ya usikuyo muike munthu woiyankha, apo ayi ifufuteni pakhadipo mulembepo komwe tingathamangire.

Lamulo loteteza ogula la 2003 silinapatule odwala. Likafika Lachisanu muli chete, kalata yanga ipita ku Medical Council of Malawi, bungwe loyang'anira madokotala ndi zipatala, ndi ku CFTC, bungwe loteteza ogula. Malisiti onse ndasunga.