Kalata yotseguka kwa Mkulu wa Zaumoyo m'boma la Mangochi: odwala nyamakazi yotupitsa mfundo alembedwe m'kaundula

Bwana,

Ndikulemba m'malo mwa odwala nyamakazi yotupitsa mfundo, imene madokotala amaitcha rheumatoid arthritis. Mayi anga, amene amakhala m'mudzi wina m'mbali mwa nyanja ya Malombe, ndi mmodzi mwa iwo. Pempho langa ndi lakuti matendawa muwaike pamodzi ndi aja amene zipatala zimawalondola moyo wonse wa munthu, monga HIV, shuga ndi BP. Wodwala akhale ndi tsiku lake la kiliniki, dzina lake likhale m'kaundula, mankhwala ake asamadukize.

Iyi si nyamakazi ya ukalamba ija yobwera chifukwa mafupa aperepeseka ndi khasu. Pa matenda awa chitetezo cha mthupi chimasokonekera, n'kuyamba kuukira molumikizana mafupa mwa mwini wake. Kawirikawiri imayambira m'zala ndi m'mikono, mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo imagwira ngakhale mayi wa zaka 35 amene ali ndi mwana kumbuyo. Bungwe la WHO linati m'chaka cha 2019 anthu 18 miliyoni padziko lonse anali ndi matendawa, ndipo 70 mwa 100 alionse anali amayi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma lathu lino, choncho odwala otere alipo ndithu ku Namwera, ku Chilipa, ku Nankumba ndi kwina konse.

Mukafuna kuidziwa, muione m'mawa. Mayi akadzuka zala zimakhala zouma kwa ola lathunthu kapena kuposa. Mfundo ya chitenje amawamangira mdzukulu. Chitsekerero cha chigubu amachitsegula ndi mano. Awa ndi manja amene ankatembenuza kambuzi pathandala tsiku lonse osadandaula, koma lero mthiko amaugwira ndi zikhatho ziwiri chifukwa zala zinapindikira kumbali ya kachala kakang'ono. Kupindika kumeneko sikubwerera. Mafupa amayamba kudyeka m'zaka ziwiri zoyambirira, n'chifukwa chake akatswiri amati mankhwala enieni aziyambidwa m'miyezi yoyamba zizindikiro zikangooneka.

Nanga wodwala wa kumudzi amamwa chiyani? Amamwa zopha ululu: diclofenac, Brufen, indosidi. Zikachepa mphamvu wina amamuuza za timapiritsi ta prednisolone, togula mumsika kapena pagolosale popanda kalata ya dokotala. Timenetu timagwira ntchito mofulumira, ululu umazizira m'masiku ochepa. Pakapita miyezi nkhope imafufuma, achibale n'kumayamika Mulungu kuti wodwala wachira, taonani wayamba kunenepa. Kwathu tinayamikanso chimodzimodzi. Koma kufufumako ndi chizindikiro chakuti mankhwala achuluka m'thupi. Prednisolone akamwedwa nthawi yaitali amadzutsa shuga, amakweza BP, amafooketsa mafupa, amatsegulira TB khomo, ndipo munthu amene wamumwa miyezi yambiri akasiya mwadzidzidzi akhoza kukomoka. Diclofenac ndi anzake amabweretsa zilonda za m'mimba ndipo amaononga impso, makamaka munthu akamamwa madzi ochepa m'kutentha kwathu kwa Okutobala, kapena akamawameza m'mimba mopanda kanthu pa nthawi ya Ramadan. Choipitsitsa n'chakuti diclofenac ndi anzakewo amangotontholetsa ululu, mafupa akudyekabe mkati.

Mankhwala amene amaletsa kudyekako alipo, ndipo si achilendo. Wamkulu wake ndi methotrexate, amene madokotala akhala akuthandizira odwala nyamakazi imeneyi kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunika kwambiri. Palinso sulfasalazine ndi hydroxychloroquine. Methotrexate sachita changu, amafuna masabata 6 mpaka 12 kuti munthu amve kusintha. Wodwala amene sanauzidwe zimenezi amamwa milungu itatu, n'kunena kuti mankhwalawa ngachabe, n'kubwerera kumsika. Ndipo ngakhale amene wapirira mpaka kutupa kwaphwa, mankhwala akamuthera kwa mwezi umodzi kapena iwiri matenda amayakanso ngati moto wa mankhusu umene unkangonyeka pansi. Zinawachitikira mayi pamene mankhwalawo tinawasowa pafupi ndipo ndalama yogulira kufamase ya m'tauni inali isanapezeke.

Ndikudziwa chimene chimawachititsa mantha madokotala athu polemba methotrexate, ndipo mantha awowo ndi oyenera. Awa ndi mankhwala a kamodzi pa sabata. Mibulu yake ndi ing'onoing'ono, ya 2.5 mg, ndipo wodwala amameza ingapo pa tsiku limodzi lokhalo. Anthu athu anazolowera m'mawa, masana, madzulo. Gogo wosadziwa kuwerenga akalandira kapepala kolembedwa mothamanga, n'kumamwa tsiku ndi tsiku, pakamwa pamatuluka zilonda, magazi amatha, ndipo anthu amafa nako kulakwitsa kumeneku. Ndikupempha kuti wopereka mankhwala pazenera asamangonena kuti kamodzi pa sabata. Asankhe tsiku pamodzi ndi wodwalayo, tsiku losaiwalika. Kwa mayi anga ndi Lachisanu, tsiku la kumzikiti, ndipo m'mwezi wa kusala amamwa usiku atafutulu. Kwa ena likhale Lamulungu kapena Loweruka. Tsikulo lilembedwe ndi zilembo zazikulu pakathumba ndi m'buku la kuchipatala, alifotokoze m'Chichewa kapena m'Chiyawo, wolera wodwala ali pomwepo akumva. Folic acid, amene amachepetsa mseru ndi zilonda za m'kamwa, apatsidwe tsiku lake lina.

Chachiwiri ndi Bactrim, ndipo apa ndikupempha kuti muimepo pang'ono. M'zipatala zathu zing'onozing'ono Bactrim amaperekedwa pa chifuwa, pa kutsekula m'mimba, pa mkodzo wowotcha, ndipo anthu ambiri amene ali pa ma ARV amamwa tsiku lililonse. Bactrim akakumana ndi methotrexate m'thupi limodzi, mafuta a m'mafupa amene amapanga magazi akhoza kusiya ntchito. Dokotala wa kuchipatala chachikulu amadziwa zimenezi, koma wodwala akadwala chifuwa sapita ku Zomba kapena ku Blantyre, amapita pafupi, kumene womuona ali ndi mzere wa anthu mpaka panja ndipo satsegula masamba akale a bukulo. Chidindo chofiira pachikuto cha buku, chonena kuti munthu uyu ali pa methotrexate asapatsidwe Bactrim, sichingadye ndalama zambiri za khonsolo.

Amayi a msinkhu wobereka auzidwe mosabisa mawu kuti methotrexate amapundula mwana m'mimba kapena kuchotsa pakati. Wofuna mwana amasiya miyezi yosachepera 3 asanaime, dokotala n'kumusinthira mankhwala ena, ndipo woyamwitsa samwa. Kiliniki yomweyo ikhale ndi njira zolerera, kuti mayi asachite kukafola mzere wina tsiku lina. Abambo nawo amve kuti kachasu ndi mankhwalawa zimapweteka chiwindi.

Kenaka pali kuyeza magazi. Munthu asanayambe amafunika kuunikidwa chiwindi, impso, kuchuluka kwa magazi, hepatitis B, HIV ndi chifuwa. Akayamba amayezedwa pafupipafupi m'miyezi yoyamba, kenaka pakatha miyezi 2 kapena 3 iliyonse. Womwa hydroxychloroquine zaka zambiri amafunikanso kuonedwa maso. Popanda kuyezaku dokotala saopa pachabe.

Mwina mukuti zonsezi n'zambiri kwa boma limene likulimbana ndi malungo, likodzo ndi kolera. Koma Bwana, luso losunga munthu pa mankhwala moyo wake wonse muli nalo kale. Kuyambira 2004, pamene ma ARV anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma, anamwino ndi madokotala athu aphunzira kulemba wodwala m'kaundula, kumupatsa tsiku lobwerera, kumuyeza magazi pa nthawi yake, ndi kutuma alangizi a zaumoyo kukamufuna kumudzi akajomba. Lero amene akupeza bwino amalandira mankhwala a miyezi 6 pa ulendo umodzi. Sindikupempha nyumba yatsopano. Ndikupempha kuti wodwala amene matenda ake atsimikizidwa ku chipatala chachikulu, pobwerera kuno alandiridwe pa kiliniki ija ya shuga ndi BP, ayezedwe magazi, atenge mankhwala a miyezi 3 tsiku lomwelo. Munthu wa kwa Makanjira ali pa mtunda wa pafupifupi makilomita 100 kuchoka paboma, ndipo ndi mawondo otupa sangakwere kabaza kapena kumbuyo kwa lole mwezi ndi mwezi.

Kaundulayo ali ndi ntchito inanso. Mankhwala ochokera ku Central Medical Stores Trust amabwera molingana ndi zimene boma laitanitsa, ndipo munthu amaitanitsa zimene anawerenga. Wodwala akalembedwa kuti thupi likungophwanya, pa oda sipadzaoneka methotrexate. Achipatala cha kumudzi ndi alangizi a zaumoyo aphunzitsidwe mafunso atatu okha: kodi mfundo za zala zikutupa, kodi ndi manja onse awiri, kodi m'mawa zimauma kupitirira mphindi 30? Amene wayankha kuti inde ndipo papita masabata 6 asabwezedwe ndi Brufen yekha, atumizidwe kukaonedwa.

Za prednisolone wa mumsika, ofesi yanu ikhoza kugwirizana ndi bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA ndi mafumu. Komabe kulanda mapiritsi kokha sikuthetsa kanthu ngati wodwala alibe kwina kolowera, ndipo amene anawazolowera kale ayenera kuchepetseredwa pang'onopang'ono pamaso pa dokotala.

Mukasankha tsiku la kiliniki, chonde lilengezedwe pa wailesi ya Dzimwe, m'mizikiti ndi m'matchalitchi, m'Chichewa ndi m'Chiyawo, ndipo munene kuti wodwala abwere ndi womulera komanso mapiritsi onse amene akumwa kunyumba, ngakhale ogula pagolosale, kuti dokotala awaone.

Ine wanu,
Mwana wolera mayi ake odwala,
kudera la nyanja ya Malombe, Mangochi