Database mwandiphwanyira, kenako mnyamata wanu n'kunditsekera chat pamaso

Kwa inu akuluakulu a kampani imene ndimasungitsako webusaiti. Ndalembera pano pagulu chifukwa ku tikiti, kumene timatumiza madandaulo, mwandikwana. Mwina pamene anthu akuona mudzuka.

Chaka chino ndakulipirani madola 143.40 a hosting, madola 35.88 a backup ya tsiku ndi tsiku, ndiye posachedwapa mwandilipitsanso madola 25 kuti mundibwezere backup yomweyo imene ndinalipira kale. Zonse pamodzi madola 204.28. Malisiti ndili nawo onse, musavutike kufunsa.

Sabata yathayi, kaya linali Lachiwiri kaya Lachitatu, sindikusiyanitsanso chifukwa masiku amenewo sindinagone, munasamutsa seva imene tili anthu ambirimbiri kuchoka pa MySQL 5.7 (MySQL ndi pulogalamu yoyendetsa database, nkhokwe ya data ya webusaiti) kupita pa 8.0. Kusamutsako sindikukutsutsa ayi. Ndikudziwa kuti Oracle, kampani mwini wake wa MySQL, inasiya kusamalira 5.7 mu Okutobala 2023, ndipo 8.0 inatuluka kalekale mu 2018. Tsiku limeneli linayenera kufika ndithu. Koma uthenga wanu unangoti "tikonza pang'ono, mwina webusaiti ichedwa kwa kanthawi." Basi. Kusintha version yonse ya database ndiye kukonza pang'ono kumeneko?

M'mawa mwake kasitomala wanga akuimba foni, tsamba la maoda latuwa mbuu. Poyang'ana, mu tebulo lina ndili ndi column yotchedwa rank. Mu 8.0 liwu limeneli ndi losungidwa, silolembedwa chisawawa mu query (lamulo lofunsira data) popanda kulitchinga ndi ma backtick (zizindikiro za `). Apa ndivomere, dzinalo ndinapereka ndine. Koma mukanandiuza sabata imodzi yokha zisanachitike, ndikanalisintha dzinalo ndikumwa madzi, mphindi khumi osakwana. Nditathamangira ku phpMyAdmin, tsamba loyendetsera database, kuti ndichite ALTER TABLE, lamulo losinthira tebulo, lamulolo linangoima pa metadata lock (loko yotchinga tebulo lisasinthidwe), kudikira transaction (ntchito ya pa database) ina imene ine ndilibe chilolezo choiona kapena kuipha, poti pa shared hosting makiyi onse mumasunga ndinu. Kenako tsamba la phpMyAdmin linafa lokha nthawi itatha. Ndinatsala osadziwa ngati tebulo lasintha kapena ayi.

Tsopano nkhani imene yandiwawa ndi iyi. Ndinadikira pa chat nthawi yoti munthu ungapite ulendo n'kubwerako. Atabwera mnyamata wanu, ndinam'patsa moni mwaulemu, ndinafotokoza zonse mwatsatanetsatane, error ndinaikopa yonse n'kum'patsa. Iye osawerenga n'komwe. Yankho loyamba: "Chotsani cache ya browser." Cache ya browser pa vuto la SQL! Nditam'bwerezera, akuti "Imeneyo ndi code yanu, ife sititengapo mbali." Ndinati chabwino achimwene, code ndi yanga, koma lock ili pa seva yanu, tangoonani mndandanda wa ma process muchotse imene yakakamirayo. Mukudziwa zimene anandiyankha? Ananditumiza ku VPS, seva yodziyendetsera wekha: "Ngati mumadziwa zambiri chonchi, bwanji osagula VPS yanu?" Ndisanamalize kulemba yankho, chat anatseka. Pansi pake panabwera kafomu kondipempha kuti ndim'patse nyenyezi zingati. Zikomo kwambiri, ndinu anthu oganizira anzanu.

Anzanga amene mukuwerenga, tandiuzani, kapena ndine ndikulakwa? Munthu wolipira chaka chathunthu nthawi imodzi n'kumayankhidwa ngati wabwera kudzapempha zaulere? Ine si mwana. Ntchito imeneyi ndi imene imandidyetsa, ndipo kwa kasitomala wooneka chitsiru ndine, osati inu. Iye dzina lanu salidziwa.

Ndiye za backup ija. Nditalipira madola 25, munabwezeretsadi, koma amene anachita ntchitoyo anasokoneza character set, ndondomeko imene kompyuta imasungira ndi kuwerengera zilembo. Data inali mu UTF-8, inawerengedwa ngati latin1. Dzina lililonse lokhala ndi chilembo cha ŵ pano likuoneka Åµ. Anthu akulandira malisiti maina awo atasanduka zizindikiro za mfiti. Komanso backup imene mumati ya tsiku ndi tsiku inali ya masiku angapo kumbuyo, moti maoda apakatipo ndikuwatola pamanja kuchokera mu imelo, imodziimodzi. Nanga madola 35.88 aja ankagula chiyani? Ndipo musandiuze zobwerera ku 5.7, ndikudziwa kuti database ikakwera pa 8.0 njira yotsikira imene MySQL imavomereza palibe, kupatula kubwezeretsa dump (fayilo yokopera database yonse) yakale. Ndiye chifukwa chake anthu odziwa ntchito amayamba atenga dump ndi mysqldump, kuyesa pa seva ina, kuchenjeza makasitomala, kenako n'kusamutsa. Izi si zozizwitsa. Pali ngakhale chida mu MySQL Shell chofufuzira zimene zingasweke musanakweze. Munachiyendetsa? Ngati munachiyendetsa, zotsatira munamuuza ndani?

Zimene ndikufuna si zambiri. Mundibwezere madola 25 aja pamodzi ndi 35.88 a backup yosagwira ntchitoyo, kukhala madola 60.88, osati ngati ngongole yodzachotsera chaka chamawa, koma ndalama ibwerere pa khadi pomwe inachoka. Munthu wodziwa database, osati wokopera mayankho okonzeratu uja, abwezeretse dump yanga ndi utf8mb4, UTF-8 ya mu MySQL, moyenera. Ndipo wamkulu wa mnyamatayo awerenge chat yonse ija kuchokera pamwamba, andiuze ngati ndi mmene mumawaphunzitsira.

Ndikukupatsani mpaka Lachisanu. Likadutsa, ndikupita ku banki kukatsutsa malipiro onse 204.28, ndiika zithunzi za chat ija pano kuti aliyense adziwerengere yekha, ndipo mawebusaiti ena a makasitomala anga amene ali kwa inu ndiwasamutsa usiku umodzi. Dump ndatenga kale ndekha, ili pa kompyuta yanga, poti ya kwa inu ndaiona mapeto ake.

Ndipo chonde, amene mumayendetsa tsamba lino, musandiyankhe kuti "pepani, tilembereni ku inbox." Ku inbox ndinalembako kale kawiri. Yankhani pompano.