Musatiuze kuti tithokoze, ngongoleyo tibweza ndife

A Mkonzi,

Ndiloleni nditulutseko mkwiyo wanga mu nyuzipepala yanuyi chifukwa zimene ndamva sabata yatha pa msonkhano wa chitukuko kwathu kuno ku Ntcheu zikundibaya mumtima mpaka pano. Kunabwera bwana wina wochokera ku Lilongwe, pa galimoto zija zazitali za magalasi akuda, akuti kudzaona kalavati wa pa msewu wathu wafumbi amene wakokoloka ndi mvula yoyamba yeniyeniyo. Mayi wina wogulitsa kachewere anadzuka mwaulemu wake, mpaka kunjuta, nkufunsa kuti bwana, poti tinamva kuti ndalama za msewuwu nzangongole, ndiye mmene wagumukamu tibwezabe? Bwanayo anangoseka nkunena kuti mayi musavutike mtima, imeneyo ndi nkhani ya boma ndi abwenzi athu akunja, inu ingothokozani kuti chitukuko chakufikani. Ndiye anthu ena amene analandira nsalu mmawa wake anaomba mmanja, nthungululu zili lululu.

Tithokoze chani kwenikweni? A Mkonzi mutabwera mudzaone nokha. Simenti yake ukaikanda ndi chala ikungoyoyoka, mawaya ali pamtetete, mapaipi awiri akuluakulu agona kumunsi kwa mtsinje ana ndiye asandutsa bwalo lochitira chibisalirano. Chimene chatsala chilili ndi chikwangwani basi, chachitsulo chokhuthala, penti wake waphuliphuli, mbendera ziwiri pamwamba, zolemba zonse mchizungu. Amene anaimika chikwangwaniyo ndiye akanampatsa kontirakiti ya kalavati, mwina bwenzi tikuoloka. Pano malole ogula kachewere akuthera tsidya lina, thumba lililonse tiyambe talipira anyamata olisenza kuoloka mtsinje, kenako wa kabaza, ndiye ogulawo akadziwa kuti wapanikizika amakutchulira mtengo wachipongwe podziwa kuti sungabwerere nazo kumunda, zikaola. Koma akuti tithokoze.

Bwana, boma lilibe dimba. Boma siligulitsa tomato pa Lizulu kapena kabichi pa Bembeke. Ndalama imene boma limabwezera ngongole ndi ija timaisiya pa sopo, pa shuga, pa mayunitsi, pa mafuta agalimoto, ndi ija minibasi imasiya pa toll gate ya Chingeni ndi ya Kalinyeke nkudzaibweza pa thiransipoti yathu. Ndipo ngongole yakunja sabweza ndi kwacha, amafuna madola. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 anaigwetsanso ndi 44 peresenti kuti tigwirizane ndi a IMF, ndiye kuti ngongole yomweyo imene sitinaonjezereko ngakhale tambala inangofufuma usiku umodzi ife tili mtulo, mmawa wake feteleza wakwera, mafuta ophikira akwera. Mayi anafunsa funso uja analipira kale gawo lawo pamene ankagula thumba la feteleza, ndipo ali ndi ufulu wofunsa kuposa inuyo amene mafuta a mgalimoto mwanu timagula ndife.

Ngakhale ku banki mkhonde ya azimayi a mmudzi mwathu, munthu akakongola aliyense amadziwa kuti watenga zingati, chiwongola dzanja nchingati, abweza liti, ndipo akachedwa amamulondola kunyumba kukanyamula mbuzi. Azimayi oti ena sanafike ndi sitandade 8. Koma dziko lodzaza ndi madokotala a zachuma likulephera kutiuza kuti kamsewu aka kadya zingati.

Chimene chimandiwawa kwambiri nchoti tinakhululukidwa kale ife. Mu 2006, nthawi ya malemu Bingu wa Mutharika, nduna ya zachuma ali malemu Goodall Gondwe, Malawi anafafaniziridwa gawo lalikulu la ngongole yake yakunja imene inali pafupifupi madola 3 biliyoni, kudzera mu ndondomeko ija yokhululukira ngongole maiko osauka ya HIPC. Tinavina, tinati tsopano ndalama zipita ku mankhwala ndi masukulu. Zaka 20 zisanakwane nkomwe tabwereranso mdzenje lomwelo, a IMF ndi World Bank akutiwerengera mgulu la maiko amene ngongole yawafika mkhosi, ndipo mu bajeti ndalama yolipira chiwongola dzanja chokha ikuposa imene ikupita ku zaumoyo. Ndiye mukapita ku chipatala nkuuzidwa kuti kagule panado ku famase musadabwe, panado wanuyo anapita kwa abwenzi athu aja.

Ndipo asatipusitse kuti ili ndi vuto la chipani chimodzi, a chikasu, a buluu, a olenji, a tambala wakuda, onse anasainapo. Mwaiwala mathirakitala? Boma linakongola madola 50 miliyoni ku India, ena mwa iwo nkugulira mathirakitala 177 ndi makina opukusira chimanga akuti zikathandize alimi ang'onoang'ono, mapeto ake ambiri anagulitsidwa motchipa kwa andale ndi mabwana a mboma. Izi sindikupeka ine, a Martha Chizuma ali Ombudsman anafufuza nkutulutsa lipoti mu 2016. Kuno ku Ntcheu tikulimabe ndi khasu, msana uli gwaa, koma ngongole ya thirakitala imene sitinaimvepo ndi kulira kwake komwe ili pamutu pathu. Pamenepanso tithokoze eti?

Ena akamva nkhani yangongole amathamangira kutukwana Matchaina. Ine ayi. Chiyambire pamene tinasiya Taiwan nkugwirana chanza ndi China kumapeto kwa 2007 taona nyumba ya malamulo ku Lilongwe, msewu wa Karonga-Chitipa, yunivesite ya MUST ku Thyolo, nyumba ya misonkhano ya BICC, bwalo la Bingu, zinthu zooneka ndi maso, zina mphatso zina ngongole, ngakhale palibe anabwera kumudzi kudzatisiyanitsira kuti ichi nchaulere ichi mudzalipira. Koma ngongole imene yatikola pakhosi kwenikweni ndi ija ya chiwongola dzanja chokwera ya ku mabanki akunja a Afreximbank ndi TDB, kuphatikizapo imene boma limangokongola tsiku ndi tsiku ku mabanki a konkuno, ndipo zambiri mwa zimenezo sungaloze nkomwe kuti mlatho wake ndi uwu. Wokongoza aliyense amabwera ndi pepala lake, ndi bizinesi yake imeneyo, wolakwa ndi amene amasaina mmalo mwathu asanawerenge, kapena atawerenga koma ataona kuti muli kake.

Sitikuphunziranso ndi kwa anzathu. Ife a kuno Mozambique timaiona tsidya la msewu chabe, pa Lizulu ukaoloka tala uli kale kwa eni. Kumeneko akuluakulu anakongola mobisa madola pafupifupi 2 biliyoni, akuti mwa zina kugula maboti ophera nsomba za tuna, zinaululika mu 2016, ndalama yawo inagwa, maboti nkumachita dzimbiri pa doko ku Maputo, ndipo amene anali nduna ya zachuma Manuel Chang anakapezeka wolakwa ku khoti ku New York. Zambia inalephera kulipira mu 2020, Ghana mu 2022, Sri Lanka inapereka doko la Hambantota kwa kampani ya ku China kwa zaka 99. Ku Kenya anamanga njanji yamakono ya Mombasa mpaka Nairobi ndi ngongole, ndipo mu Juni 2024 boma litafuna kuonjezera misonkho achinyamata analowa mpaka mnyumba ya malamulo, anthu anafa. Bwana wa magalasi akudayo nkhanizi amaziwerenga ndithu pa foni yake yodula ija, kungoti akafika kumudzi amaona ngati tonse ndife mbuli.

Ndiye aphungu athu nawonso, aaa. Bilu yangongole ikabwera mnyumba muja imadutsa msangamsanga, onse ayeee, koma ikhale nkhani ya ma alawansi awo kapena ngongole zawo za galimoto ndiye amakhala maso mpaka usiku. Msewu wa Tsangano kupita ku Neno ndi Mwanza takhala tikuumva pa kampeni iliyonse chiyambire ndili mnyamata, dera loti limadyetsa dziko lonse kachewere. Mafuta akasowa timagona pa filing'i siteshoni akuti kulibe forex, koma maulendo akunja a anthu makumimakumi okapempha ngongole ina forex yake imapezeka. Mafumu athunso chonde, si msonkhano uliwonse wofunika kuyamika, nthawi zina mlendo muzimufunsa mafunso asanadye nkhuku.

Sindikunena kuti tisamakongole. Msewu wabwino umabweza wokha ndalama, kachewere akafika ku Blantyre asanaole aliyense wapindula. Koma kukongola ndalama ya zaka 30 nkumanga chinthu cha miyezi itatu, kontirakitala nkulandira zake zonse, injiniya nkusaina kuti ntchito ili bwino, umenewo ndi umbava ndipo a ACB ndi a Auditor General asadikire kuti wina awalembere kalata ya chizungu.

Pempho langa ndi lachidule. Pa chikwangwani chilichonse cha chitukuko alembepo mChichewa kuti ndalamayi ndi mphatso kapena ngongole, yachokera kuti, nzingati, chiwongola dzanja nchingati, tidzamaliza kubweza chaka chanji, ndi nambala ya foni ya injiniya amene wavomereza ntchitoyo. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndiye palibe chobisa apa. Kontirakitala wa kalavati wathuyu abwere adzamangenso ndi ndalama zake mvula isanakule, ndipo asapatsidwenso ntchito ina mpaka atatero.

Ine wanu wokwiya,
Mlimi wa kachewere,
Ntcheu