Za ukhansala uja

Wokondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Johannesburg kumeneko, pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno ku Zomba tilipo. Mvula yayamba, ndipo m'mawa uliwonse phiri likumadzuka litafunda nkhungu.

Munafunsa pa WhatsApp kuti za ukhansala zija zinatha bwanji. Ndinagwa, achimwene. Pa 16 Seputembala 2025 ndinaima pandekha, wopanda chipani, ndipo mavoti sanakwane. Mukukumbuka tili ana tinkaima panja pa nyumba ya malamulo yakale kuonerera magalimoto a aphungu, ine n'kumati tsiku lina ndidzakwera? Ndinakwera kabaza, mpaka tsiku lomaliza la kampeni.

Chimene chinandipweteka si kugwako ayi, koma kuona kuti anthu sadziwa ntchito ya khansala. Sindiwadzudzula. Makhansala omwe anasankhidwa mu 2000 nthawi yawo itatha mu 2005, dziko linakhala lopanda khansala mpaka 2014. Ana anakula osamuonapo. Ndiye kwa ambiri, khansala ndi uja amagula bokosi maliro akagwa, uja mumamugogodera pakati pa usiku kuti apeze galimoto yopita kuchipatala.

Tsiku lina ndili pamsonkhano, ndikufotokoza za ngalande ya kwathu ija, yomwe inasefukira nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023 madzi n'kulowa m'nyumba za anthu, mayi wina wogulitsa tomato anandidula mawu. "Bambo, ngalande sitidya. Nsalu zili kuti?" Anthu anafa nacho chiseko. Inenso ndinaseka, koma kukhosi kuli gwa. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa zinthu pokopa anthu, koma ukatchula zimenezo amangoti ndiwe wouma manja.

Nanga ntchito yeniyeniyo ungaiimbire nyimbo? Ndi kukhala kukhonsolo tsiku lathunthu kuwerenga bajeti mzere ndi mzere, kutsatira ndalama za ziphaso za pamsika, kukambirana malamulo a mzinda, kusankha meya pakati pa makhansala anzako. Palibe amene angakuvinire chifukwa cha zimenezo.

Panopa ndili m'komiti ya chitukuko ya m'dera mwathu, yopanda malipiro. Loweruka lililonse timakumana anthu ngati khumi ndi makasu, mafosholo ndi wilibala imodzi yobwereka, kuchotsa mchenga ndi majumbo m'ngalandemo madzi asanatichitenso chipongwe. Amene anapambana uja wabwerapo kawiri, ndipo ndinene zoona, fosholo amaigwira bwino.

Za 2030 musandifunse. Mayi a kunyumba akuti ndikadzangotchulanso, ndikagone ku Chinamwali kwa amalume. Ngongole ya mapositala sinathe.

Mukamabwera pa Khirisimasi ndalama musavutike nazo, mundigulire majombo a mphira, saizi 9. Anga aja anabooka, matope akulowa.

Mupereke moni kwa onse.

Ine mnzanu,
wa ku Zomba